Khumi ndi Zisanu za a Orval

Nkhono yachitatu inatulukanso yophwanyika. A Orval Tuominen anaiyang'ana m'dzanja mwawo, atagwada mumchenga wonyowa, madzi ozizira akulowa m'jombo. Unali m'mawa wa Loweruka mu Epulo pa gombe la Copalis, nyanja itaphwa mpaka kutali, magalimoto atandandalika pamchenga ngati kuli msika. Boma linali litatsegula masiku anayi okha okumba nkhono za lumo, zija za chigoba chachitali chopyapyala, zothawira pansi zikangomva phazi.

"Bambo, dzukani, funde ilo!" anakuwa Marlys, mwana wawo wamkazi, mayi wa zaka makumi asanu.

Anadzuka, koma mochita kukwera fosholo ngati mtengo. Funde linawapeza asanawongoke, n'kuwanyowetsa mpaka m'ntchafu.

Nkhani yake inali ya mawondo omwewo. Chaka chatha funde linawagwetsa atalephera kudzuka msanga, ndipo Marlys ankafuna akatenge chiphaso cha anthu ofooka, cholola wina kuwakumbira iwo ali phee m'galimoto. M'njira anali atapangana: akalephera kukumba okha khumi ndi zisanu, mlingo wa munthu mmodzi patsiku, nyanja isanabwerere, Lolemba apita kwa dokotala kukasainitsa pepalalo.

A Orval anayang'ana uku ndi uku, n'kuyamba kukankhira nkhono yophwanyikayo m'dzenje ndi nsonga ya jombo.

"Ndakuonanitu, madala!" Anali a Wendell Krogstad, anansi awo a ku Hoquiam, akubwera thumba laukonde likulendewera m'chiuno, chipaipi chokumbira chili paphewa. "Mukuika maliro opanda abusa? Lamulo likuti zoyamba kukumba ndi zako, yophwanyika kaya yaing'ono."

"Ndimangoipukuta mchenga," anatero a Orval, akuitola n'kuiponya m'thumba.

"Ndi jombo? Zaka makumi asanu ndi limodzi za fosholo, lero mukupha nkhono ngati mukudula nkhuni."

"Sekani, achimwene. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

"Ine mawa langa linafika kale. Nchifukwa chake ndili ndi ichi."

A Orval analavula pansi. Chipaipi chimenecho anali atachinyoza kwa zaka makumi atatu, m'sitolo, kutchalitchi, ngakhale pamaliro. Ankati ndi cha alendo a ku Seattle obwera ndi majombo atsopano. Munthu weniweni amabaya fosholo kumbali ya nyanja, kutaya mchenga kawiri, kugwada, n'kulowetsa mkono mpaka paphewa.

Anakumbabe. Yachinayi inatuluka yamphumphu, yonenepa, ndipo anaikweza m'mwamba kuti a Wendell aone. Yachisanu inawathawa ali mkati mogwada. Anangoikhudza khosi, iyo n'kuzimirira. Pofika pa zisanu ndi ziwiri, bondo lamanzere linakana. Anaima atatsamira fosholo, akupuma ndi pakamwa, pamene timadzenje ta nkhono, tonga michombo, tinkaoneka paliponse mozungulira mapazi awo. Marlys anali atamaliza zake kalekale. Anangoyang'ana kunyanja. Mafunde anali atayamba kufika patsogolo pa mzere wa thovu.

A Wendell anazika chipaipi chawo mumchenga pafupi ndi a Orval.

"Ine ndakwanitsa. Ndikukamwa khofi kugalimoto. Ichi chikundilemera, mundisungire."

"Ndine m'busa wa mapaipi ine?"

"Mungochiyang'anira. Chikafuna kukumba chokha, musachiletse."

Atapita, a Orval anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anapereka fosholo kwa Marlys osamuyang'ana kumaso, n'kugwira chipaipicho.

"Chala chimatseka pati?"

"Pakabowo ako pa chogwirira. Kankhani kaye mpaka pansi, kenaka tsekani, mukoke ndi miyendo, osati msana."

"Ndikudziwa."

Koyamba anatseka kabowo asanakankhe, chipaipi n'kukana kulowa. Kachiwiri anatulutsa mchenga wokhawokha. Kachitatu mchenga unagwa pansi phwa, ndipo pakati pake panali nkhono yaitali, yosaphwanyika ngakhale pang'ono, ikupukusa phazi lake. Anangowerama pang'ono n'kuitola, mawondo osakhudza mchenga.

"Hm," anatero.

"Mwati chiyani, bambo?"

"Ndatsokomola."

Anapeza ina, kenaka inanso. Anayamba kuyenda msangamsanga, akuponda mchenga mwamphamvu kuti timadzenje tioneke, mluzu ukutuluka okha osadziwa. Funde lalikulu litabwera anangobwerera cham'mbuyo ali chiimire, n'kulisiya liwatsuke majombo. Marlys anaona zimenezo.

Koma nyanja siidikira munthu. Madzi anakwirira malo onse a nkhono, anthu n'kuyamba kubwerera kumagalimoto. Kuseri kwa galimoto yawo, Marlys anakhuthulira thumba la bambo ake m'ndowa n'kuwerenga kawiri.

"Khumi ndi zitatu."

A Wendell anafika ndi kapu ya khofi. "Ndiye nkhono zija zakumbidwa ndi chiyani? Ndimati ndaona mlendo wa ku Seattle uko, wofanana ndi inu. Ukayenda siya phazi, madala, ukasiya mlomo umakutsata."

"Tengani chitsulo chanu. Chimakoka kumanzere."

Marlys anayang'ana thumba lake, n'kutsitsa mawu. "Bambo, zanga zachuluka. Ndiike ziwiri mwanumu, ndani awerenge?"

"Ayi, mama. Aliyense thumba lake. Nkhono ya wina siilowa mwanga, ngakhale ya mwana wanga." Anavula jombo limodzi n'kukhuthula madzi. "Pangano ndi pangano. Lolemba udzanditenge naini koloko."

Anakhala pampando wa galimoto, chitseko chili chotsegula, maso ali kunyanja. A Wendell anasiya kuseka, anawapatsa kapu ija.

Marlys anathira madzi a m'nyanja m'ndowa, n'kuikweza kumbuyo. Anatenga fosholo ija, anaipukuta mchenga, anailonga pansi pa matumba. Kenaka anatembenukira kwa a Wendell.

"Amalume, zipaipi zopepuka zija amagulitsa kuti?"

"Pa sitolo ya ku Ocean City, pamsewu pomwepa. Zilipo zazitali bwino, zoti munthu asawerame."

"Tidzera pomwepo." Analowa m'galimoto n'kuiliza. "Bambo, tsekani chitseko. Mawa nyanja iphwa cha m'ma eyiti, ndipo Lolemba iphwa cha m'ma naini. Kwa dokotala sitingapite, tidzakhala tili kuno."

A Orval anamwa khofi yense, n'kubweza kapu pazenera.

"Ukasankhe chopanda utoto," anatero. "Cha Wendell chimaoneka patali."