Penti Waulere pa Nyumba ya a Mwaipopo

Tusajigwe ankayanika mpunga pabwalo la nyumba yake ku Kyela pamene galimoto ya boma inaima pamsewu. Munatsika mayi wa magalasi, atakolekera chikwama cha mapepala paphewa.

"Odi kuno! Ndine Mayi Kibona, wofufuza momwe ndalama za boma zagwiritsidwira ntchito. Kodi ofesi ya chipani ija ndi ino?"

Tusajigwe anaseka. "Ofesi yokhala ndi nkhuku pakhonde? Ino ndi nyumba yanga, mayi. Ana anga onse anayi akulira muno."

Mlendoyo sanaseke nawo. Anatulutsa chithunzi. Inalidi nyumba yomweyo, yopakidwa mitundu ya chipani, pakhomo pali chikwangwani chakuti ndi ofesi.

"Mapepala a chipani akuti nyumbayi anaigula chaka chatha ndi mashilingi 38 miliyoni, kuchokera pa ndalama zimene boma limapereka ku zipani. Wogulitsa ndi a Ambindwile Mwaipopo. Anasaina apa."

Tusajigwe anatembenukira kukhomo. "Bambo a Lusekelo!" anakuwa. "Tatulukani mudzaone zimene mwachita!"

A Ambindwile, amuna ake, anali munthu wokonda chipani kuposa chakudya. Msonkhano sunkawaphonya, ndipo nyimbo zake ankaziimba ngakhale kubafa. Anatuluka n'kuyang'ana pepalalo.

"Dzanjali ndi langa ndithu," anatero chapansipansi. "Koma a Mwakalinga, wapampando wathu wa dera lino, anati ndi chilolezo chopakira penti."

Zinalidi choncho. Chisankho chitayandikira, chipani chinkapaka nyumba za anthu ake penti waulere. Opakawo anakhoma chikwangwani, n'kujambula chithunzi, kenako n'kuchizula tsiku lomwelo. Palibe amene anafunsa chifukwa chake.

"Pepalalo munaliwerenga?" anafunsa Mayi Kibona.

"Kuwerenga pepala la a wapampando, eni ake ali pomwepo? Si mwano umenewo?"

"Ndibweranso Lachisanu. Mukapanda kutsutsa, nyumbayi ikhala m'kaundula wa katundu wa chipani, ndipo akhoza kuigulitsa tsiku lililonse."

Dzuwa lisanalowe, a Mwakalinga anatulukira atanyamula mapaketi awiri a shuga. "Achimwene, musade nkhawa, ndi za papepala chabe izi. Lachisanu mungovomera kuti munagulitsa. Za m'chipani timakambirana m'chipani."

Chimene chinamuopsa kwambiri Tusajigwe n'chakuti amuna ake ankagwedeza mutu kuvomereza. A Mwakalinga atangochoka, anawatembenukira amuna akewo.

"Nyumba yanga ya shuga wa mapaketi awiri? Mukavomera, ine ndi ana tikagona m'chipanimo?"

"Make Lusekelo, munthu wamkulu ndimuyalutse? Ndalamazo n'za atsogoleri. Ife tifunse ngati ndani?"

Lachisanu litakwana, Tusajigwe anafunsa Mayi Kibona funso lomwelo, amuna ake akumva.

"Mufunse ngati eni ake," anayankha mayiyo. "Mukagula sopo kapena palafini, mumalipira msonkho. Mukagulitsa mpunga kumsika, mumalipiranso. Pa msonkho umenewo ndi pamene boma limapatula gawo la zipani, kuti ziyendetse ntchito zake. Si mphatso ya wapampando ayi. N'chifukwa chake ife sitikhutira ndi malisiti okha. Timapita kukaona ndi maso chimene akuti anagula."

"Ndiye kuti m'ndalama zimene a Mwakalinga anadyazo munali zanga zomwe?" anafunsa a Ambindwile.

"Zanu, ndi za anthu a zipani zina, ndi za amene alibe chipani."

Manyazi ndi mkwiyo zinawagwira a Ambindwile nthawi imodzi. Kenako analowa m'nyumba, n'kutulutsa kalata ya malo imene inali m'dzina lawo. Analemba umboni wakuti sanagulitse nyumba ndipo sanalandire ngakhale shilingi imodzi. Ulendo uno anawerenga mzere uliwonse kawiri asanasaine. Anansi awiri anaikira umboni kuti banjali silinasamukepo.

Patapita miyezi itatu, lipoti linatuluka, ndipo Kyela yense anagwira pakamwa. Nyumba zogulidwa papepala zinali zinayi. Ina inali ya mayi wamasiye amene sanadziwe kanthu mpaka tsiku limenelo. A Mwakalinga anachotsedwa pampando n'kukaonekera kukhoti, ndipo nyumba zonse zinayi zinafufutidwa m'kaundula wa chipani. Tusajigwe atamva, analira ndi chisangalalo.

A Ambindwile sanatuluke m'chipani. Pa msonkhano wotsatira anaimirira nyimbo zisanayambe.

"Tisanavine, mutiuze: chaka chino boma lapereka zingati, ndipo zagwira ntchito yanji?"

Anthu anayang'anana modabwa, chifukwa funso lotere linali lisanamvekepo. Kenako mayi wamasiye uja anaimirira kumbuyo. "Inde, tiwerengereni!" Ena anatsatira, mpaka mlembi anatsegula buku.

Ndalama zimene boma limapereka ku zipani ndi msonkho wathu. Tili ndi ufulu wofunsa momwe zayendera, ngakhale m'chipani chimene timachikonda. Ofufuza akabwera, tiwauze zoona. Ndipo pepala lililonse tiliwerenge tisanasaine, ngakhale walibweretsa ndi mtsogoleri.