Beseni Lofiira pa Positala

Alexander anamata positala pa bolodi, n'kubwerera m'mbuyo akumwetulira yekha. Anali wa bungwe lina la ku Area 47, ndipo nsapato zake zinkachitira umboni kuti fumbi la ku Chinsapo ankangolimva pa wailesi.

"Amayi, musaope, palibe yankho lolakwika," anatero. "Tikungofuna tione ngati uthenga wa Edzi uwu ukumveka tisanaufalitse."

Amayi khumi ndi awiriwo anawasonkhanitsa ndi Vaileti, amene ankadzipereka pa ntchito za umoyo m'deralo. Pofuna kuoneka munthu wofunika, anaitananso amayi ake a Kenny, chibwenzi cha mng'ono wake Queen. Chinkhoswe cha awiriwa chinali chitatsala milungu iwiri.

Pa positala panali mkazi wojambulidwa chakumbuyo, ataima pakhomo pa bala, amuna atatu akumuyang'ana. Pamwamba panalembedwa kuti: ZIBWENZI ZAMBIRI, CHIOPSEZO CHACHIKULU.

M'kalasi ya sukulu ya mkaka imene anasonkhanamo munangoti zii. Alexander anayesa kuti uthenga walasa mitima, mpaka anayamba kulemba pa fomu yake.

"Koma ameneyu si Queen?" anafunsa Elube, wogulitsa makala, amene pakamwa pake sipadziwa kudikira.

"Ndi iyeyo! Chitenje cha kwaya yathu icho."

"Beseni lofiiralo ndi la mazira owiritsa. Amakagulitsa pa bala paja masana alionse."

Vaileti anayang'anitsitsa positala ija. Beseni lija anagula yekha ku Lizulu.

"Ayi, ayi, amayi," Alexander anaseka kaseko ka munthu wophunzira. "Ameneyu ndi munthu wamba, tinangomujambula tikudutsa pa galimoto. Nkhope siikuoneka, ndiye palibe angamudziwe."

Nzeru za mu ofesi zimenezo! Munthu anakhala zaka zinayi ku koleji osamva kuti kuno mkazi timamudziwa ndi chitenje, kamangidwe ka duku ndi katundu amene wasenza. Nkhope timaiona pomaliza, popereka moni.

"Munamupempha?" anafunsa Vaileti.

"Asisi, tisachoke pa mutu. Funso lachiwiri: kodi mitundu ya pachithunzipa ikukusangalatsani?"

"Mitundu!" Elube anaomba m'manja kamodzi. "Mwana wa eni mwamusandutsa hule, inu mukufunsa mitundu?"

Amayi ake a Kenny anaika pansi Fanta wawo wosamwa, n'kudzuka pang'onopang'ono.

"Vaileti mwanawe, ine Queen ndimamudziwa, ndi mwana waulemu," anatero. "Koma amalume ake a Kenny akubwera kuchokera ku Dedza. Akatsika minibasi n'kuona ichi pa mtengo uliwonse, ndiwauza chiyani? Kuti ndi mazira? Chikamatidwa chimenechi, chinkhoswe chiyambe chaima."

Anatuluka osatsanzika munthu. Vaileti anachita manyazi ndi mkwiyo nthawi imodzi, poti anawaitana yekha kuti adzaone zimenezi.

"Mwamva nokha, bwana," anatero. "Kasintheni chithunzicho."

Alexander anakanda m'mutu, nayang'ana foni. Kenaka zoona zinatuluka: mapositala anali atasindikizidwa kale, makatoni asanu ndi limodzi, ndipo anali kumbuyo kwa galimoto panja pomwepo. Lolemba amayenera kumatidwa ku Chinsapo, ku Mtandire ndi ku Kaliyeka. Kufunsa konseku kunali koti apeze maina pa pepala, akuluakulu akaone kuti anthu anafunsidwa.

"Ndiye mungosayina apa," anatero mosachita manyazi. "Maganizo anu tidzawagwiritsa ntchito ulendo wina."

Vaileti anasuzumira pa fomu ija. Munthu wamkulu ndi ndevu zake anali atalemba kale kuti: "Onse aumva bwino uthenga." Pepala la maina linayenda dzanja ndi dzanja, mpaka linabwerera kwa mwini wake loyera ngati mmene linachokera.

Vaileti anatuluka, napita pa galimoto, nakwera kumbuyo. Anakhala pa katoni yapamwamba, n'kukonza chitenje chake bwinobwino. Elube anamutsatira ndi manja ake akuda ndi makala, ndipo anawapukutira pa katoni ina. Amayi ena atatu anakweranso.

"Asisi, tsikani, iyi ndi galimoto ya bungwe!" Alexander anakuwa.

"Paja mumafuna maganizo a anthu," anayankha Vaileti. "Anthu ake ndife. Tiyeni ku ofesi tikawauze tokha abwana anu."

"Sizitheka zimenezo, pali ndondomeko yake."

"Ndiye tikhala pompano. Lolemba mudzamate tili pamwamba."

Dalaivala, bambo wachikulire amene nthawi yonseyi ankangotafuna mtedza, anamuyang'ana Alexander kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. Kenaka analiza galimoto.

"Kwerani, bwana," anatero. "Kapena mutsatira pa kabaza?"