Matabwa a Apongozi Afumbwa

Ine ndinadziwira pa tsache. Esme, mkazi wa mwana wa mlongo wanga, yemwe amanditcha ankhazi, ndiye kuti azakhali, ankasesa m'nyumba m'mawa, masana n'kusesanso, ngati mumagona nkhuku. Ndinamufunsa ngati akufuna kukumba chitsime pabalaza. Sanaseke. Anandikokera kuchipinda n'kuloza kudenga.

Mtanda wodutsa pamwamba pa bedi unali ndi timabowo ngati abaya ndi singano. Pa neti ndi pa bulangete la khanda panali mbuu ufa wachikasu. Ndinagogoda ndi mpini wa tsache. Unalira ngati chikho chopanda kanthu, ufa n'kundithira m'maso.

"Afumbwa awa, mwanawe. Wauza ndani?"

"Ndiuze ndani, ankhazi? Matabwa anapereka ndi adada."

Apo ndiye panagona nkhani. Mwamuna wake Stewart ali ku Joni. Dengalo anakhoma ndi apongozi ake, mlongo wanga Enos, ndi paini amene anacheketsa yekha, wosathira mankhwala, makungwa akadali m'mbali. Mpaka ku Manyamula anthu anamva kuti wafolerera mwana wake nyumba. Tsono kwathu kuno mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, sayang'ana apongozi kumaso, nanji kuwauza kuti mphatso yawo ikudyedwa ndi tizilombo. Esme ankangosesa kuti akuluwo asaone, angachite manyazi.

Kunja mphepo ya mvula inali itayamba, malata akunjenjemera. Ine ndimaseka ngakhale pamaliro, koma tsikulo nthabwala zinandithera. Khanda linali gone pansi pa mtanda womwewo.

Kumuuza Enos molunjika n'kutaya malovu. Munthu uja ukamuuza kuti ng'ombe yake ikutsimphina, amati msewu ndiwo wapendekeka. Kuchipinda cha mkamwana sangalowenso. Ndiye ndinapita kwake ndi hamala ndi misomali.

"Adumbu, mlongo wanga, makoswe akumaliza chimanga cha mbewu cha mkamwana wanu. Tikhomereni msomali pabalaza tipachike. Wamtali pano ndinu, enafe anatiumba dothi litatha."

Anabwera akudzikoka, nakwera pampando. Esme anagwada panja pa khomo, maso pansi.

Enos anauloza pa mtanda n'kumenya kamodzi. Msomali unalowa wonse ngati m'nthochi.

"Misomali ya masiku ano," anatero.

"Eya, yakuthwa chomene. Yesani apo."

Anayesa. Thabwa linang'ambika, ufa n'kumukhuthukira m'kolala. Mphepo inakankha malata, mtanda wonse n'kuti kwee. Ndinamugwira mwendo. Ndinkadikira kuti akalipe, anene kuti mkamwana wamuchititsa manyazi dala, ndipo mlandu ukanagwera Esme, osati ine.

Enos anakanikiza thabwa ndi chala, chala n'kulowa.

"Kuchipinda nakonso?" Anafunsa ine, koma mokweza kuti wa pakhomo amve.

"Kuposa kuno. Pamwamba pa mdzukulu wanu."

Anatsika msangamsanga, osasansa n'komwe malaya.

"Uzani amake mwana atenge khanda akakhale kwanu. Ine ndikadula mzati ndichirikize. Mawa ndipita ku Jenda kwa Feston kalipentala, tipeze matabwa othira mankhwala. Awa tiwotche."

"Yewo, adada," Esme anayankha chapansipansi, n'kuthamangira kuchipinda.

Mvula inatipeza pabwalo, ine nditasenza matiresi, iye atafungatira mwana, malata akulirabe kumbuyo kwathu.