Nkhope pa Pepala la Vitumbuwa

Clarissa anatsika minibasi pa Silverest miyendo itatupa. Tsiku lonse anali chiimirire ku kampani yogulitsa masheya ku Lusaka, kusanja mafailo a makasitomala. Lamulo limati mapepala amenewa asungidwe zaka zambiri, ndipo munthu wakunja asawaone. Abwana ake ankalibwereza Lolemba lililonse mpaka makutu kuwawa.

Mphamvu zophika analibe, choncho anaima kwa ba Juliana, mayi wokazinga vitumbuwa pamalo okwerera basi. Atamukulungira vitumbuwa, Clarissa anaona nkhope ya munthu papepalapo, mafuta atanyowetsa mphumi. Inali fotokope ya chitupa cha ba Rodgers, mphunzitsi wopuma wa ku Palabana, nambala ya foni ndi siginecha zili pomwepo. Pakona panali chidindo cha kampani yake.

"Ba Juliana, mapepala aya mwayatenga kuti?"

"Ni ba dalaivala ba ku nchito kwanu. Benze kukamba ati mwasamuka ofesi, makatoni akale alibe malo. Ni abwino, sang'ambika monga nyuzipepa."

"Nipaseni onse otsala, manje manje!"

Ba Juliana anapendeketsa katoni yopanda kanthu. "Mwachedwa, mwana wanga. Lanu ndiye lothera. Ana a sukulu banagula kuseni, popita ku kalasi."

Clarissa anakhala pamwala, njala itamuthawa. Sabata yathayi mkazi wa ba Rodgers anabwera ku ofesi kudzafunsa za masheya a amuna ake odwala. Clarissa yemweyu anamubweza pakhomo, mayiyo akulira, atamuuza kuti za kasitomala ndi chinsinsi.