Maambulera Atatu ku Cartagena

Lamulo la a Zenón Callisaya linali limodzi: pasapezeke woona nyanja yamchere isanakwane faifi koloko madzulo. Analiyamba ali mlengalenga. Ndege itayandikira Cartagena anatseka kazenera kawo, kenako anapempha mwaulemu mlendo wa pampando wakutsogolo kuti atsekenso kake.

A Zenón analiza lipenga zaka makumi atatu m'gulu la asilikali a pamadzi a Bolivia, dziko lomwe linalandidwa gombe lake pankhondo agogo awo asanabadwe. Ntchito yonseyo anaigwirira pa Titicaca, nyanja yopanda mchere ya pamwamba pa mapiri ozizira. Tsono chinthu chimene wachidikira moyo wonse, iwo ankatero, sungachione mwangozi pampata wa nyumba ziwiri ngati mbuzi ya mnansi. Iwo, akazi awo a Primitiva ndi mwana wawo Delfina anayenera kuiona nyanja yamchereyo limodzi, koyamba, lipenga likulira.

Koma Delfina anali ataiona kale.

Chaka chatha anauza makolo ake kuti akupita ku Sucre kukawonjezera maphunziro a unamwino. Ku Sucre sanapondeko. Anabwera kuno kudzaonana ndi Ovidio, woyendetsa bwato la alendo, yemwe ankalemberana naye pafoni miyezi isanu ndi iwiri. Anasambira, analawa mchere pamilomo, anabwerera kwawo ndi mchenga m'nsapato. Za mwamunazo bambo ake akanatha kumukhululukira, mwina. Koma za kuwatsogolera kunyanja, ayi ndithu.

Anayamba kuzungulira mzinda m'mawa, aliyense ndi ambulera wakuda wopendekera kumbali imene a Zenón ankaikayikira. Anaona tchalitchi chakale, makonde odzaza maluwa ndi mizinga ya dzimbiri, koma mizingayo anaionera kumbuyo poti milomo yake inaloza koletsedwa. Pamsewu wina mnyamata ankagulitsa zithunzi zopenta za mafunde, ndipo banja lonse linamudutsa chambuyo. A Primitiva, omwe anakana kuvula masiketi awo atatu ndi chipewa, ankachita kudontha thukuta. Anafunsa amuna awo ngati kununkhiza kunali kololedwa. A Zenón anaganiza kaye, n'kuyankha kuti fungo siliwerengedwa, bola osanyanya.

Masana, pansi pa nsanja ya wotchi, mayi wina wosenza beseni la zipatso anaima n'kumuyang'ana Delfina kumaso. Nkhope yake inawala.

"Mwana wa kumapiri, wabweranso iwe? Nanga Ovidio akudziwa?"

Delfina anatulutsa ndalama msangamsanga. Anagula nanazi wathunthu ndi mango asanu osafunsa mtengo, n'kufotokozera makolo ake kuti ogulitsa a kuno amanena choncho kwa aliyense kuti malonda ayende. A Zenón anagwedeza mutu, amvekere anawerengapo zimenezo. A Primitiva anatenga bango limodzi. Analisenda pang'onopang'ono, maso ali pa mwana wawo.

Nthawi itayandikira, a Zenón anavala jekete lawo loyera la usilikali n'kutsogola. Kufunsa njira anakana, poti msilikali wa pamadzi safunsa kumene kuli madzi. Anatsata mphuno yawo. Delfina anaona kuti akutulukira chipata cholakwika cha linga la mzindawo, koma akanadziwa bwanji munthu wobwera koyamba? Anakumbatira nanazi wake n'kumatsatira.

Anaima pamzere, maambulera kutsogolo ngati zishango. A Zenón anawerenga mpaka katatu, onse anatsitsa.

Patsogolo pawo panali thamanda lobiriwira lozunguliridwa ndi timitengo. Kutsidya, mabasi ankawoloka pamlatho akuimba mahutala. Pakatikati, kakowa anaima patayala lakale, madzi osamufika n'komwe m'mawondo.

A Zenón anavula chipewa, misozi ili mbwembwembwe. Anatsegula botolo la mowa n'kuthirako pansi monga mwa mwambo. Anati n'zoona nyanjayo yachepa kusiyana ndi ya m'mabuku, koma ndi mmene chinthu chimathera chikakhala m'manja mwa eni ake olakwika. Anapukuta lipenga ndi mkono wa jekete.

Delfina ankaimva yeniyeniyo. Inali misewu isanu yokha kumbuyo kwawo, kuseri kwa linga, ikupuma pang'onopang'ono ngati chilombo chogona. Ndege yawo inali ya mawa m'mamawa. Akanangokhala chete, bambo ake akanabwerera okondwa, n'kukauza anzawo okalamba a m'bandi kuti nyanja yamchere ili ndi mlatho ndi tayala. Akanafa akudziwa choncho.

Lipenga linafika pamilomo.

"Bambo, iyi si nyanjayo."

"Watani?"

"Ili ndi thamanda chabe. Nyanja ili uko."

Lipenga linatsika. "Iwe ukudziwa bwanji?"

Delfina anatula nanazi pansi. "Ku Sucre sindinapiteko, bambo."

Kakowa uja anauluka. A Zenón anavala chipewa chawo, n'kuchivulanso. Sanakalipe. Anangoti atsogole, poti zikuoneka kuti m'banja muno muli wodziwa njira. Delfina anadutsa tinjira topapatiza osaima pamphambano iliyonse, mayi ake akupuma mwawefuwefu pambali pake n'kumafunsa chapansipansi ngati Ovidioyo amapemphera, ndiponso ngati ali ndi nsapato.

Anakwera linga lakale patadutsa mphindi makumi awiri kuchokera pa nthawi yoikika. Mphepo inatembenuza ambulera wa a Primitiva.

Panalibe tsidya. A Zenón analifunafuna kumanja ndi kumanzere, anaima ndi zala za kumapazi, koma madziwo anangopitirira mpaka anasanduka thambo. Anakweza lipenga, anatulutsa kaphokoso kamodzi ngati nkhuku yotsamwa, n'kulitsitsanso.

"Iwe unalira utaiona?" anafunsa osatembenuka.

"Ndinalira, bambo. Ndinkafuna mukanakhalapo."

A Zenón anapitiriza kuyang'ana madziwo.

"Mlandu wako ndi waukulu, tikaukamba kunyumba," anatero. "Koma pakali pano ndigwire mkono, mwana wanga. Chinthuchi chikuyenda."