Masiku Makumi Asanu ndi Atatu Kunja kwa Khomo

1.
Ukabala wamwamuna, masiku makumi anayi. Ukabala wamkazi, kuwirikiza kawiri: makumi asanu ndi atatu, 80. Sulowa m'tchalitchi chathu mpaka utayera. Ine ndinabala wamkazi, Tisunge. Lero ndi tsiku la 52, ndipo bokosi la amayi anga lili mkatimo.

2.
Mlongo Tadikira, imani pomwepo, atero a Chabwera, mkulu woyang'anira pakhomo.
Ndingoona nkhope basi, bambo. Sindikhudza kanthu.
Lamuloli sindinaliyambe ine. Analilandira Aisraeli m'chipululu, ndipo Aisraeli a lero ndife.
Inu a Chabwera omata matayala a njinga pamsika paja? Mwasanduka Mwisraeli liti?
Mlongo, pakamwa.

3.
Zimene sindiyenera kukhudza: chitseko, benchi, ng'oma, belu, dzanja la abusa, mkanjo woyera wa mwamuna wanga ukauma. Ukada, wochapa ndine.
Zimene ndakhudza sabata ino: masanzi a amayi, zilonda zawo za kumsana, mapazi awo akuyamba kuzizira.
Apo palibe anandiletsa.

4.
Ndimamuganizira mkazi wa m'chipululu uja amene analimva koyamba lamuloli, atakhala kunja kwa chihema mchenga ukumuwotcha matako mwana ali kubere, ndimafuna kumufunsa kuti mnzanga unavomera kapena unangotopa, kodi anakufunsa amene anawerenga masikuwo, kodi nawenso unkaika chala pamphuno pa mwana kuti umve ngati akupuma monga ndikuchitiramu kachisanu tsopano chiyambire nyimbo, kodi mwana wamkazi anabwera ndi litsiro lanji loti alichapire kawiri

5.
Akupuma.

6.
Mwamuna wanga wasuzumira pawindo.
Mayi a Tisunge, musandichititse manyazi. Akanakhala mwamuna bwenzi mutalowa kale.
Ndiye ndikamubweze kuchipatala, bambo a Tisunge? Akandisinthire?
Wabweza mutu.

7.
Makumi anayi. Makumi asanu ndi atatu. Posachedwa akhomera chivundikiro.

8.
Ndinafika Folomu 4 ine. Masiku 52 ndakhala panyumba ndikuwerenga lamulolo ndekha, osati potsegula abusa pokha ayi.
Ndakuwa pawindo.
Abusa! Wokhudza mtembo ndi wodetsedwa masiku asanu ndi awiri! Aisraeli anuwo sankalowetsa maliro pamalo opatulika! Mwanyamula bokosilo ndani? Mwasambitsa mtembowo ndani? Tulukani nonse, tidzakhale limodzi padzuwa pano!
Nyimbo yaduka pakati. Abusa akutembenuza masamba. Akutembenuzabe.

9.
Woyamba kudzuka ndi amayi aang'ono, a Nangozo, mng'ono wa malemu. Amanga chitenje.
Azimayi, mwamva. Tikudetsa nyumba ya Mulungu. Gwirani bokosilo uko.
Amayi, dikirani akuluakulu akambirane, atero a Chabwera.
Kambiranani, achimwene, koma chokani panjira. Mungakhudze.
A Chabwera alumpha ngati aponda khala lamoto.

10.
Alitula pafumbi, kunja kwa khomo. Nkhope ndaiona. Milomo yauma, duku lapendekera kumanzere. Ndalikonza ndi dzanja langa lodetsedwali. Tisunge wayetsemula.

11.
Ukudziwa waima pati? atero a Nangozo chonong'ona. Pomwepa. Zaka makumi awiri ndi zitatu zapitazo, maliro a bambo athu ali mkatimo, mayi ako anaima pano, iwe uli kumsana. Sanakuwe. Anangoima mpaka bokosi linadutsa lokhomera.
Ine ndimayesa dzina langali ndi loti anadikira nthawi yaitali kuti apeze mwana.
Unabadwa chaka choyamba cha banja iwe. Anadikira chiyani?

12.
Tadikira.
Amayi ankandiitana mofuula, ngakhale ndili pafupi, nkhope atalozetsa kutchalitchi.