Nsanza Zofiira

Amayi a ku khonsolo anati abwera Lachisanu m'mawa kudzaona malo a m'mbali mwa mtsinje. Akapeza kuti tchire labwereradi, atipatsa malowo kuti tidzalemo mitengo yachilengedwe. Akapanda kukhutira, awapereka kwa oumba njerwa, omwe akhala akuwalondalonda kuyambira chaka chatha.

Ndinali nditakonza zonse. Zitsa za mthethe ndi mkuyu zinali zitaphukira mpaka m'chiuno, ndipo chilichonse ndinachimanga kansanza kofiira kuti munthu asachikhudze. Nkhwali nazo zinali zitayamba kuikira m'udzu.

Lachisanulo ndikusita bulauzi, ndinaona kuti kuseri kwa chitseko kulibe chikwakwa. Ndinafunsa mng'ono wanga.

"Atenga bambo akwathu," anayankha. "Akuti alendo sangafikire patchire ngati kuno kulibe amuna."

Simbi ndinaisiya pabulauzi pomwepo. Ndinathamanga, nsapato zili m'manja, ndikupemphera kuti chikwakwacho chikhale chobuntha. Koma ndinali nditachinola ndekha Lolemba.

Fungo la udzu wodula linandichingamira ndisanafike.

"Alamu! Siyani!"

Anaweramuka, thukuta lili kamukamu, mano onse pamtunda. "Mwadzuka, bwana wa nkhalango? Taonani mmene payerera. Ndi singano yomwe mutha kuitola."

"Nsanza zofiira zija simunazione?"

"Ndaziona, ndipo mwandipeputsira ntchito. Kuntchito kwathu kokonza misewu, mtengo wokhala ndi chofiira ndiye wogwetsa."

Kuyambira pamlatho mpaka pamwala waukulu panali mbee. Mazira a nkhwali anali padzuwa, make atathawa. Ndisanapeze mawu oti ndiwalalatire nawo, galimoto ya ku khonsolo inaima pamsewu.

Amayi aja anayenda malo onse. Ine ndinkawatsata pambuyo.

"Zitsazi ziphukanso, mayi," ndinatero. "Mizu ili moyo."

"Ine ndimaweruza zomwe ndaona, osati zomwe zili pansi pa nthaka." Anaima pomwe chikwakwa chinalekezera. "Kuyambira pano kutsika kumunsi ndi kwanu. Koyeraku ndi kwa anjerwa, ayamba mwezi wamawa."

Galimoto itachoka, alamu anavula chipewa. "Pepani, alamu. Ndimati ndikukuthandizani."

"Valani chipewacho, dzuwa likuphani musanagwire ntchito. Katengeni khasu ndi wilibala. Zitsa zili kwa anjerwazo tizikumba ndi mizu yomwe n'kuzisamutsira kumunsi."

"Zigwira koma?"

"Sindikudziwa. Chikwakwacho bweretsani kuno."